Gulu la banja: Amayi atuluka Lachisanu

Masauso: Odi nonse. Opaleshoni ya m'mphuno ya amayi yayenda bwino kuno ku Lusaka, atuluka Lachisanu. Adokotala ati ntchito yatsala ndi ya kunyumba: kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere kawiri pa tsiku, kuti magazi ouma ndi nkhanambo zisatsekenso njira zomwe atsegula.

Amalume: Ambuye alemekezeke. Mchere wake ndi womwewu wa m'ndiwo?

Tisa: Osangotapa ayi amalume, ukachuluka umawawa ngati tsabola. Achimwene, musanakwere basi mugule botolo lofinya la 240 ml ndi timapaketi take tamchere. Madzi akhale owiritsa, azizire mpaka ofunda chabe. Apachitsime osawiritsa angalowetse tizilombo pachilonda.

Masauso: Awalemberanso budesonide, timabotolo tapulasitiki tothira m'madzi omwewo.

Tisa: Eya, ndi steroid, amachepetsa kutupa kuti tinyama ta m'mphuno timene achotsa pa opaleshoni tisamerenso msanga. Mlingo ndi umene alemba adokotala, osawonjezera. Aziwerama pa beseni, pakamwa potsegula, madzi alowe mphuno iyi atulukire inayo. Osamina mpaka adokotala atalola, kuyetsemula azitsegula pakamwa.

Azakhali: Inu ana, mlamu wanga ndimudziwa. Akangofika ku Chadiza mawa lake ali pamphasa kupeta chimanga, fumbi lili kobo, madzulo m'khitchini mwa utsi. Ndani adzamuwiritsire madzi kumeneko?

Amake Dalitso: Akhale kwathu ku Kapata, m'tauni ya Chipata, mwezi wonse. Chipinda cha Dalitso chilipo, ketulo ilipo. Magetsi akathima mbaula ndiziyatsira panja.

Amalume: Mwachita bwino apongozi. Nanga mbuzi zake?

Azakhali: Mbuzi muziona ndinu achimwene, si muli pafupi? Ine nkhawa yanga ndi kaja ka pa mfundo ya chitenje.

Tisa: Fodya wamphuno?? Sanasiye kodi?

Masauso: Dzulo usiku andinong'oneza kuti "kandipezereko pang'ono chabe", bandeji ili pamphuno.

Tisa: Mayo ine! Ameneyo ayi ndithu, pachilonda chachiwisi?

Masauso: Za ndalama: basi ya anthu awiri, botolo, mankhwala, ndi ulendo wobwerera kuno kukaonetsa. Aliyense aponye K300 pa Airtel Money yanga pofika Lachinayi.

Amalume: Yanga ibwera ndikagulitsa nsawa Lachitatu.

Amake Dalitso: Atate a Dalitso akawachingamira pa siteshoni. Kabotolo kafodya kaja alamu mukasiye ku Lusaka konko, ine sindingathe kulanda apongozi anga.

Masauso: Ndakafufuza kale m'chikwama, mulibe. Azakhali, amabisa kuti?

Azakhali: Uone m'sokosi.