Ndatopa kujambula nsanja imodzimodzi, anzanga mumatani?

Nachisale_Wojambula

Anzanga ogwira bulashi, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo chimene chimandidyetsa ndi kupenta zithunzi za malo odziwika a konkuno. Malo akenso si ambiri: nsanja ya nyali younikira zombo usiku, doko lakale la matabwa, tchalitchi choyera cha pachitunda, ndi shedi imene asodzi amasungiramo maukonde. Alendo akabwera, onse amafuna nsanja. Wina akaona cha mnzake amati, "Inenso chomwechi, koma chichepe kuti chilowe m'chikwama." Pano dzanja langa limaijambula lokha nsanjayo, mutu uli kwina.

Ndimadzuka kusanache. Ndisanagwire chilichonse ndimayamba ndaona ndandanda ya nthawi imene madzi akwere ndi kutsika, chifukwa mwala umene ndimaimapo kuti nsanja ioneke bwino umamira madzi akadzaza. Madziwo amachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndiye ngati lero mwala uli pamtunda dzuwa likutuluka, sabata yamawa nthawi yomweyo uli pansi pa madzi. Ndikaima, ndimakhala ndi maola awiri okha mithunzi isanasinthe. Masana ndimamalizitsa zithunzi m'nyumba, kutsuka mabulashi, kukhoma mafelemu ndi kuyankha ofuna kugula. Anthu amaganiza kuti timangokhala pamchenga kuyang'ana mafunde, chonsecho theka la tsiku limathera pa misomali ndi guluu.

Funso langa ndi ili: inu amene mwajambula malo amodzi zaka zambiri, mumatani kuti diso lisafe? Nanga ndisiye nsanjayi, ngakhale ndi imene imagulidwa? China chaching'ono, zithunzi zanga za papepala zikutuluka timadontho takuda, ndipo tizitsulo tomangira chinsalu kumbuyo tikuchita dzimbiri msanga.

Mbewe_wa_Bulashi

Achemwali, musaisiye nsanjayo. Chimene chakutopetsani si nsanja ayi, koma mukujambula chithunzi chanu chakale, osati nsanja ya lero. Dzanja likayamba kuyenda lokha, ndiye kuti mwasiya kuyang'ana.

Claude Monet, wojambula wotchuka wa ku France, anajambula khomo la tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Rouen zithunzi zoposa 30 mu 1892 ndi 1893, ali pa mawindo a nyumba zoyang'anizana nacho. Mwala unali womwewo, koma china n'chabuluu cha m'mamawa, china chachikasu cha masana, china chotuwa ndi chifunga. Ankakhala ndi zinsalu zingapo nthawi imodzi, kuwala kukasintha n'kusinthanso chinsalu. Inu muli ndi mwayi woposa pamenepo, poti kuwonjezera pa dzuwa muli ndi madzi amene amasuntha kawiri patsiku. Nsanja ya nthawi ya mwezi wathunthu, pamene madzi amakwera kwambiri n'kutsikanso kwambiri mpaka miyala ya ndere kuonekera, si nsanja ya pamene mwezi uli theka.

Ine ndimachita chonchi. Ndimatenga timatabwa ting'onoting'ono tosaposa chikhatho, n'kudzipatsa theka la ola pa kalikonse. Palibe nthawi yowerenga mawindo. Umangofunsa kuti pakati pa thambo, madzi ndi khoma, chowala kwambiri ndi chiti. Mudzadabwa kuona kuti dzuwa likakhala kuseri kwake, nsanja yoyera imada kuposa thambo. Ambirife timaipaka yoyera chifukwa tikudziwa kuti ndi yoyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa za mwala wanuwo, samalani. Monet yemweyo, ku Étretat, m'mphepete mwa nyanja ku France, mu Novembala 1885, anasokoneza nthawi ya madzi ndipo funde linamugwetsera pathanthwe n'kukokolola chinsalu ndi choimikapo chake. Iye anapulumuka, katundu ayi.

Dalitso_M

Ine ndiyankhe za madontho ndi dzimbiri, poti ndimagwira ntchito yomanga mafelemu.

Madonthowo ndi nkhungu, mayi. Mpweya wa kunyanja ndi wachinyezi, ndipo chinyezi chikamapitirira 65 kapena 70 pa 100 kwa nthawi yaitali, nkhungu imamera papepala, pa guluu, ngakhale kumbuyo kwa chinsalu. Mchere umawonjezera vuto chifukwa umakoka madzi kuchokera mumpweya. Ndiye madzi a m'nyanja musamasungunulire penti, ngakhale mutaiwala botolo kunyumba. Chithunzi chikauma musachitsekere mupulasitiki tsiku lomwelo. Pochiika mufelemu, pepala lisakhudze galasi, pakhale katoni wosakhala ndi asidi pakati. Kumbuyo kwa felemu matanipo tizidutswa tiwiri ta labala m'munsi kuti mpweya uzidutsa pakati pa chithunzi ndi khoma, ndipo musapachike pakhoma limene kunja kwake kumawomba mphepo ya kunyanja.

Tizitsulo tanuto sinthani, mugule ta chitsulo chosachita dzimbiri (stainless steel) kapena misomali ya kopa. Waya wopachikira chimodzimodzi, chifukwa umadyeka mosaoneka mpaka tsiku limene chithunzi chidzagwe.

Ngati mumagwiritsa penti wa mafuta, musafulumire kupaka vanishi. Pentiyu sauma ngati madzi, amalimba pang'onopang'ono pogwirana ndi mpweya, ndipo vanishi womaliza amafuna miyezi 6 kapena kuposa. Mchenga ukagwera pa penti wamuwisi musalimbane nawo, mungoukwirira. Dikirani aume, ndipo wambiri udzachoka ndi bulashi youma. Onaninso zolembedwa pa chubu. Ofiira ena, monga alizarin crimson weniweni, amafwifwa padzuwa, makamaka akapakidwa mopyapyala. Sankhani olembedwa ASTM I kapena II, chizindikiro chakuti utotowo sufwifwa msanga padzuwa, poti ogula anu amakonda kupachika pafupi ndi windo.

Kondwani_K

A Nachisale, pepani ndinene mosabisa. Muli ndi chinthu chimene anthu akuchifuna, ndiye mukudandaula? Alipo ojambula aluso amene zithunzi zawo zangounjikana kuseri kwa chitseko. Kalipentala sanena kuti watopa ndi mipando. Pentani nsanja zanu zogulitsa, zina musindikize pamakina kuti dzanja lipume, ndipo zokondweretsa mtima wanu muzichita nyengo imene alendo kulibe. Za Monet zimene akunena a Mbewe n'zabwino, koma iye anali ndi wogulitsa zithunzi zake ku Paris. Inu wogulitsa ndinu nomwe.

Mayi_Nanyoni

Ine sindine wojambula. Bambo anga anali msodzi, ndipo ndinakulira pa doko ngati limene mukunenali. Ndiyankhula ngati wogula, komanso ngati mwini malo.

Mwana wanga, pa zinayi zimene mwatchula, nsanja ndi imene ili yotetezeka. Ili pa mapositikhadi, aliyense ali nayo mufoni, ikang'aluka adzaikonza. Shedi ya maukonde ija ndani adzaikonze? Kwathu inalipo, ya malata opindika, chitseko chomangidwa ndi chingwe cha boti. Anaigwetsa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi chithunzi chake, poti tonse tinkaiona ngati chinthu chonyansa. Lero nditachipeza chithunzicho ndingachigule ndisanafunse mtengo.

Mwana wanga wamkazi anandionetsa zithunzi za Alfred Wallis wa ku St Ives, m'dera la Cornwall ku England. Anali munthu wa panyanja, kenako wogulitsa zipangizo zakale za maboti, ndipo anayamba kupenta ali ndi zaka pafupifupi 70, mkazi wake atamwalira. Ankapenta pa zidutswa za makatoni ndi penti wa maboti. Sankaima padoko kukopera, ankajambula kuchokera m'mutu zombo za matanga zimene zinali zitayamba kutha. Ojambula awiri ophunzira, Ben Nicholson ndi Christopher Wood, anamupeza mu 1928. Iye anamwalira wosauka mu 1942, koma lero zithunzi zake zili ku Tate, nyumba zotchuka zoonetsera zithunzi ku Britain. Nyumba zake n'zopendekeka, doko amaliona ngati ali kumwamba, koma zingwe ndi matanga a chombo chilichonse zili pamalo pake. Bambo anga akanaziona akanavomera.

Ndiye pempho langa ndi lakuti mukajambula boti, mufunse mwini wake. Ojambula ambiri amamangirira boti ndi chingwe chachifupi chokungika kwambiri padoko la madzi okwera ndi kutsika. Msodzi akaona amangoseka, poti boti lotero madzi akatsika lingalendewere pakhoma. Ndipo ikanimo anthu. Zithunzi zogulitsa kwa alendo zimakhala zopanda munthu, ngati tonse tinasamuka.

Mbewe_wa_Bulashi

Amayi anena zoona, koma nthawi zina kujambulidwa kwambiri n'kumene kumapulumutsa shedi. Ku Rockport, m'chigawo cha Massachusetts ku America, kuli kashedi kofiira ka asodzi kamene ophunzira ankakajambula mobwerezabwereza, mpaka mphunzitsi wawo Lester Hornby anakapatsa dzina loti Motif No. 1. Mkuntho wa chipale wa mu 1978 unakagwetsa, ndipo anthu a m'tauniyo anakamanganso mofanana ndi kakale chaka chomwecho. Kakanakhala kosajambulidwa, bwenzi atangotola matabwa n'kuiwala.

A Kondwani, zosindikiza sindikuzikana. Koma mlendo amene wakuonani mutaima pamwala mphepo ikukuwombani amafuna chimene chachokera m'manja mwanu.

Nachisale_Wojambula

Zikomo nonse. A Dalitso, zithunzi zonse zamadontho zinali pakhoma loyang'ana kunyanja, ndazichotsapo. Kodi zimene zagwidwa kale nkhungu zingachire, kapena ndingozipatula kuti zisapatsire zinzake?

A Kondwani, sindinakwiye. Nsanja ndipitiriza kugulitsa, lendi sadikira kuti mtima ukondwe. Koma zosindikiza ndiziika pa makhadi okha.

Amayi Nanyoni, za chingwe chija ndazimva. Eni shedi ndimawadziwa, timapatsana moni m'mawa uliwonse ndikamadutsa ndi katundu wanga, ndipo mkulu wina amasoka ukonde pakhomo pake nthawi yomwe ine ndimapita kumwala. Ndiwapempha ngati angalole kuti ndiziima chapafupi. Vuto n'lakuti m'mawa shediyo imakhala mumthunzi wa chitunda, ndiye mwina ndiyambe kupita madzulo.

Dalitso_M

Zipatuleni kaye. Zitulutseni m'mafelemu, muziyanike pamalo ouma odutsa mphepo koma osati padzuwa, kenako muchotse nkhungu youma ndi bulashi yofewa muli panja, mutavala chophimba mphuno. Musapukute ndi nsalu yonyowa, ndipo mankhwala oyeretsera zovala asayandikire, amadya pepala ndi utoto womwe. Madontho amene alowa kale mkati mwa pepala sachoka ndi bulashi, amenewo ndi ntchito ya katswiri wokonza zithunzi zakale. Katoni wakumbuyo ndi wam'mbali tayani, muike watsopano.