Thandizeni nzeru: nditseke bwanji kalavani usiku ife tili mkatimo?

Wofunsa:

Akuluakulu ndi abale nonse a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Pepani italikirapo, koma ndikufuna mumve mmene zinayendera musanandilangize.

Tili ndi kalavani yokoka ndi galimoto, ya mabedi anayi, yomwe tinagula itagwirapo kale ntchito. Timayenda nayo ine, amuna anga ndi ana athu awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 4. Sabata yatha tinaima pa malo ena olipira, okhala ndi mpanda ndi geti lomwe. Usiku wachiwiri, cha m'ma 2 koloko, ndinangodzidzimuka. Phokoso lenileni panalibe, koma kalavani inatekeseka pang'ono ngati munthu waitsamira. Ndili chete kumvetsera, ndinamva chogwirira chitseko cha kunja chikukokedwa, kamodzi, kachiwiri. Mtima unangoti myuu. Ndinawatsina bambo a ana, iwo n'kuyatsa magetsi onse, basi tinangomva mapazi pa timiyala akutalikira.

Kutacha tinapeza zipi ya tenti yathu ya pambali ili yasaa, njinga ya mwana wamkulu palibe. Za njingayo ndavomereza. Chandipweteka ndi zenera la kumbali yogona ana. Pa labala pali zipsera ziwiri za sikuludiraiva, ndipo kotsekera kamodzi kapulasitiki kathyoka. Mutu wa mwana wanga wamng'ono unali pansi pa zenera lomwelo, moti munthuyo akanangopisa mkono akanamukhudza tsitsi.

Tsono pakhomo pano sitikumvana. Amuna anga akufuna akhome mazenera onse ndi masikuluwu, pa chitseko aike loko wamkulu wa kiyi. Ndikuwamvetsa, nawonso anachita mantha. Koma ine ndikaganiza za moto, ndi ana awiri m'kanyumba kokhala ndi khomo limodzi, m'mimba mumanditentha. Alamu anganso akuti akuba ena amapopera mankhwala ogonetsa kudzera m'timabowo ta mpweya, ndiye titseke timabowoto ndi tepi tikamagona.

Inu amene mwakhala mukugona m'makalavani kwa zaka, mumatani? Ndikufuna wakuba alephere kulowa, koma mwana wa zaka 9 athe kutuluka yekha mumdima. Kodi zimenezi zingatheke zonse ziwiri?

Woyankha woyamba:

Pepani kwambiri mayi, zoopsa ndithu. Ine ntchito yanga ndi yokonza makalavani, ndiye ndinena mosapita m'mbali. Kalavani anaipanga kuti ikhale yopepuka pokoka. Makoma ake ndi kachitsulo kopyapyala kunja, thovu louma pakati, kathabwa mkati. Mazenera si agalasi, ndi apulasitiki, ndipo totsekera take n'tapulasitikinso. Munthu amene watsimikiza mtima alowa basi, muikepo chilichonse. Chimene mungagule ndi nthawi komanso phokoso. Wakuba wa pa malo ogona safuna kukumana ndi mwini wake, mwaona nokha kuti magetsi atangoyaka analiyatsa liwiro.

Muwauze bambo asakhome mazenera. Kupatula nkhani ya moto, sikuluwu imang'amba pulasitiki ija, mvula n'kuyamba kulowa m'khoma, ndipo chinyezi ndicho chimapha kalavani. Sinthani totsekera tothyoka ndi tomwe tatha mphamvu, mugule tokhala ndi kabatani kodina kaye musanapotoze. Chinanso chomwe anthu ambiri sachiganizira: totsekerati timakhala ndi malo awiri, potseka kwathunthu ndi posiya kampata ka mphepo. Kampata kameneko ndiko khomo la sikuludiraiva. Usiku tsekani kwathunthu, mphepo izilowera padenga.

Za chitseko. Ngati ndi chija chogawika pawiri, onetsetsani kuti kachitsulo kolumikiza chapamwamba ndi chapansi kagwira bwino, pakuti loko amakhala pa theka limodzi lokha. Onjezerani loko wachiwiri, koma akhale woti mkati mumangopotoza ndi dzanja, osafuna kiyi. Alipo maloko ena omangirira kunja, ophimba mphepete mwa chitseko, monga omwe amapanga a Fiamma ndi a Milenco. Ndi abwino mukamachoka masana. Pogula funsani ngati angakhomeke ali chotsegula, kuti wina asakutsekereni inu muli mkati. Pomanga muike kachitsulo kafulati kumbuyo, apo ayi mabawuti amangozuka ndi khoma lomwe.

Woyankha wachiwiri:

Achemwali, mantha anu a moto ndi oona, musawataye. Ndinagwirapo ntchito yozimitsa moto, ndipo kalavani ikayaka siyembekeza munthu. Thovu la m'makoma, matiresi, makatani, zonse zimagwira nthawi imodzi, ndipo utsi ndiwo umayamba kukomola. N'chifukwa chake ku Britain malo ambiri ogona amafuna mpata wa mamita 6 pakati pa kalavani ndi inzake. Loko wofuna kiyi mkati, ayi. Mumdima, mu utsi, manja akunjenjemera, kiyi ameneyo simumupeza.

Timabowo ta mpweya musatitseke, chonde. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akamadontha amatsikira pansi, ndipo timabowo ta pansi tija anatiboola dala kuti azitulukira kunja. Mukamata tepi ndiye kuti mukumusunga m'chipinda momwe ana agona. Palinso carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe umabwera hita kapena mbaula zikamayaka mosakwanira. Alamu ya utsi ndi ya carbon monoxide zikhale zoyamba kugula, loko abwere pambuyo.

Mukaika loko watsopanoyo, zimitsani magetsi usiku wina muuze mwana wamkuluyo atsegule yekha. Akalephera kapena akachedwa, lokoyo siwoyenera, ngakhale akhale wolimba bwanji. Mumusonyezenso zenera lotulukira chitseko chikakanika.

Woyankha wachitatu:

Galu mayi. Wathu ndi wamng'ono koma munthu akangoyandikira tenti amadzutsa mzere wonse. Kungoti si malo onse amalola agalu, muzifunsiratu.

Woyankha wachinayi:

Koma abale, za mankhwala ogonetsazo musazipeputse. Ndamvapo anthu angapo akunena kuti anadzuka mutu ukuwawa, zikwama palibe, osamva kalikonse usiku wonse.

Woyankha wachiwiri:

Achimwene, kuti anaberedwa sindikukana, ndipo ndikuwamvera chisoni. Koma mu 2014 bungwe la madokotala ogonetsa odwala ku Britain, la Royal College of Anaesthetists, linalankhulapo pa mphekesera yomweyi n'kunena kuti ndi nthano chabe. Kugonetsa munthu ndi ntchito yovuta ngakhale m'chipatala, dokotala ali pompo ndi makina ake. Kudzaza kalavani yonse kungafune mankhwala ochuluka zedi, fungo lake lingakudzutseni, ndipo akanakhala kuti amaterodi bwenzi tikumva za maliro. Munthu amene wayendetsa galimoto tsiku lonse amagona tulo tofa nato, ndipo wakuba wozolowera sachita phokoso. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mphekeserayi imachititsa anthu kumata timabowo, pamene ngozi yeniyeni ili pomwepo.

Woyankha wachisanu:

Ine ndiwonjezere za alamu, popeza ndinalakwitsapo. Yoyamba yomwe ndinagula inali yoona kuyenda kwa munthu mkati. Masana imagwira bwino, koma usiku mwana akangodzuka kupita kuchimbudzi inkalira, mpaka tinayamba kuizimitsa pogona, ndiye phindu lake panalibe. Funani yoti usiku mukhoza kusiya mbali ya chitseko ndi mazenera yokha ikugwira. Ngati ndalama zavuta, alipo tima alamu ta batire ta maginito, timagawo tiwiri, kena mumata pa zenera kena pa felemu. Zikangosiyana kamalira koboola m'makutu. Ikani pa chitseko, pa mazenera a ana, ndi pa kachitseko ka kunja kolowera pansi pa bedi ngati kalipo. Anthu amaiwala kameneko, chonsecho loko wake ndiye wofooka kuposa onse.

Panja ikani nyali ya sola yoyaka yokha munthu akadutsa, iloze pansi kuti isawalire anzanu oyandikana nawo. Tenti ya pambali ija muiyese ngati khonde, si chipinda. Nsalu ndi nsalu, ukaika loko pa zipi amangocheka ndi mpeni, mwataya njinga ndi tenti yomwe. Njinga zimangeni ndi tcheni ku chasisi, kapena zigone m'galimoto zitafunditsidwa.

Chomaliza, makiyi a galimoto. Ambiri timawakoleka pafupi ndi chitseko, ndipo nthawi zina ndi omwewo akufunidwa. Ngati galimoto yanu ndi yoliza ndi batani, dziwani kuti akuba ali ndi zipangizo zotola siginolo ya kiyi ali panja n'kuipititsa ku galimoto, yomwenso yaima mamita awiri kuchokera pa bedi lanu. Kiyi agone m'kachikwama kotchinga siginolo kapena m'kachitini kotseka bwino, kumutu kwanu. Yesani poyandikira galimoto kiyi ali m'chitinimo, ikatseguka ndiye kuti chitinicho sichikutchinga.

Woyankha wachisanu ndi chimodzi:

Hitch lock (loko wa pokokera kalavani) ndi wheel clamp (chitsulo chokhomera tayala) musaiwale, ngakhale muli pa malo olipira. Makampani ambiri a inshuwalansi amafuna zimenezi kalavani ikamasulidwa ku galimoto, werengani pepala lanu. Ena amadandaula kuti moto ukabuka pafupi kalavani yokhoma siikankhika msanga. Ine ndimakhoma, kiyi wake amagona limodzi ndi wa galimoto. Komanso mayi, munanena kupolisi? Ndipo oyang'anira malowo anati chiyani? Nthawi zambiri wakuba sayesa kalavani imodzi yokha.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga yankho lililonse, ena kawiri. Kupolisi tinanena tsiku lomwelo, ndipo oyang'anira malo anavomera kuti makalavani ena awiri anayesedwanso usiku umenewo. Chomwe chinandiwawa n'chakuti sanachenjeze aliyense mpaka titafunsa tokha. Kuyambira pano ndikafika pamalo ndizipereka moni kwa oyandikana nawo n'kupatsana nambala, ndipo kumapeto kwa mpanda, kuja kwa mitengo komwe tinasankha chifukwa cha mthunzi, sitidzaimakonso.

Bambo a ana awerenga yankho la a zozimitsa moto, anakhala chete kanthawi, kenako anakabweza masikuluwu m'bokosi. Totsekera mazenera tasintha tonse dzulo, tima alamu ta maginito taika tisanu, ya carbon monoxide tinalibe n'komwe, tagula. Madzulo tinazimitsa magetsi n'kuyesa. Wamkulu anatsegula chitseko bwinobwino, koma zenera linamukanika, kabatani katsopano kaja n'kolimba kwa zala zake, ndiye tiziyeserera mpaka azolowere. Wamng'ono tamusamutsa, tsopano azigona mbali yathu.

Loko wachiwiri sitinagule, ndipo pamenepa ndikufunsaninso bambo okonza makalavani. Khoma lathu pambali pa chitseko ndi lopapatiza, zala zinayi zokha kufika pa kabati. Kodi kachitsulo ka kumbuyo kaja kangakwane pamenepo, kapena loko timange pa chitseko penipeni? Ndijambula chithunzi mawa kukawala ndiike pano.