Gulu la banja: za chakudya cha akwati athu ku Zanzibar

Amalume: Moni nonse a pabanja. Ndatsegula gulu lino popanda akwati eni ake chifukwa nkhani yake ndi ya mphatso yathu. Monga mukudziwa, mwana wathu ndi mkamwini asankha kukachitira hanimuni ku Zanzibar, chilumba cha ku Tanzania, ndipo matikiti a ndege ndi malo ogona alipira okha. Ife tinagwirizana kuti titenge mbali ya chakudya ndi zakumwa pa masiku 7 amene akakhaleko. Maganizo anga ndi akuti tiuze hotelo iwonjezere mtengo wa chakudya chonse, cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo, pamodzi ndi zakumwa, kuti anawa asakavutike kufunafuna kodyera m'dziko la eni. Ndikupempha maganizo anu tisanayambe kusonkha.

Mayi a mkwatibwi: Zikomo achimwene poyambitsa nkhaniyi. Ine ndikugwirizana nanu. Mwana wanga m'mimba mwake simuchedwa kusokonezeka, ndipo sindikufuna kumva kuti masiku achisangalalo awathera ali chigonere chifukwa chodya zinthu za m'misewu.

Achimwene aakulu: Malume ndi Mayi, ndikumva nkhawa yanu, koma ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono, popeza ntchito inandifikitsako ku chilumbachi. Chakudya cha m'mahotelo akuluakulu a m'mbali mwa nyanja chimakonzedwa kuti chikomere alendo ochokera kumayiko osiyanasiyana nthawi imodzi, choncho zokometsera amazichepetsa, ndipo zimene zimaikidwa patebulo Lolemba mudzazipezanso Lachinayi zitangosinthidwa mbale. Munthu akhoza kudya bwino ndithu, koma n'kubwerako osadziwa kuti anthu a ku Zanzibar amadya chiyani. Vuto lina ndi lakuti ndalama ikalipiridwa kale, anawa azidzachita manyazi kudya kunja poganiza kuti akuwononga mphatso ya makolo, ndiye azidzathamangira kuhotelo nthawi iliyonse ya nkhomaliro ngakhale ali pakati poona malo.

Chakudya cha kumeneko chili ndi mbiri yake. Sultan Seyyid Said wa ku Oman anasamutsira likulu lake ku Zanzibar mu 1840 ndipo analimbikitsa kwambiri ulimi wa karafuu (zokometsera zija pa Chingerezi amati cloves), komanso amalonda a Chiarabu ndi a ku India anakhazikika m'tauni ya Stone Town kwa mibadwo yambiri. N'chifukwa chake mumphika umodzi mumakumana kokonati wa m'mphepete mwa nyanja, karafuu, sinamoni ndi iliki (cardamom pa Chingerezi), ndipo mpunga wa pilau ndi biriani amauphika mwa njira yawoyawo. Kuwatsekera anawa m'hotelo n'kuwamana gawo lalikulu la ulendo umene adzilipirira okha.

Azakhali: Mwalankhula bwino mwanangu, koma tiuzeni zenizeni. Akatuluka pageti la hotelo alowere kuti? Alamu anga akufuna kumva malo ndi mayina, chifukwa mbiri yokha siithetsa nkhawa ya mayi.

Achimwene aakulu: Zoona, Azakhali. Mausiku awiri oyamba akagona ku Stone Town, ndipo kumeneko zonse zimafikika wapansi. Dzuwa likamalowa apite ku Forodhani Gardens, bwalo la m'mbali mwa nyanja moyang'anizana ndi linga lakale lotchedwa Old Fort. Bwaloli linakonzedwanso ndi bungwe la Aga Khan Trust for Culture n'kutsegulidwa mu 2009. Madzulo aliwonse ogulitsa amayala matebulo, kuyatsa nyali ndi kukoleza makala. Chimene ndikuwalangiza n'chakuti asathamangire matebulo aakulu odzaza ndi nsomba ndi nkhanu zobayidwa pa timitengo, amene anyamata ake amakuitanira mwaulemu wambiri, chifukwa zina mwa zimenezo zimakhala zophikidwa kale ndipo amangozitenthetsanso. Ayang'ane kumene aima amayi ndi ana a pachilumbapo. Kawirikawiri mzere umenewo umathera pa mphika wa urojo.

Urojo ndi msuzi wachikasu, wowawasa chifukwa cha mandimu kapena mango osapsa, wolemererako chifukwa amathiramo ufa pang'ono. Wogulitsa amatenga mbale, n'kuikamo mbatatesi zowiritsa, timibulu tokazinga totchedwa bajia, nthawi zina dzira lowiritsa ndi tinyama tootcha, kenako amathira msuzi wotentha, n'kumwaza pamwamba tizidutswa ta chinangwa touma tokhukhuta, kokonati wopera ndi tsabola malinga ndi mmene wanenera. Zonse zimachitika ukuona, ndipo mbale imafika m'manja ikutuluka nthunzi. Pafupi pomwepo pamakhala ophika chimene amachitcha pitsa ya ku Zanzibar, ngakhale sichifanana kwenikweni ndi pitsa ya ku Italy: amatambasula ufa wokanda mpaka upyapyale, amaikapo nyama yogaya, anyezi ndi dzira, amapinda m'mbali zonse zinayi n'kukazinga pachiwaya. Chakumwa chake ndi madzi a nzimbe, amene amafinya pamakina pomwepo pamodzi ndi jinja ndi ndimu.

Achemwali aakulu: Ndilowererepo ngati namwino, kuti Mayi mtima ukhale m'malo. Chimene chimadwalitsa anthu paulendo nthawi zambiri ndi chakudya chimene chaphikidwa n'kukhala nthawi yaitali chisakutentha, madzi osadalirika, ndi zaziwisi zotsukidwa ndi madzi omwewo. Zimenezi zimachitika ngakhale m'hotelo yodula, makamaka pa matebulo odzitengera wekha pamene mpunga ndi nsomba zimakhala maola angapo zili pamtunda. Chakudya chochokera pamoto kupita m'mbale yako ukuona n'chotetezeka kuposa chimenecho. Ndiwalembera akwati malangizo ochepa: azimwa madzi a m'botolo losatsegulidwa, azifunsa kuti ayezi wapangidwa ndi madzi otani kapena angomukana, azidya zipatso zimene asenda okha, ndipo azisamba m'manja ndi sopo asanadye. M'chikwama ndiwaikira mapaketi a ORS. Tsiku loyamba asadye zachilendo zambiri nthawi imodzi, mimba izolowere kaye.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna tisachipeputse. Alamu athu, mkwati, thupi lawo silimagwirizana ndi nkhanu ndi zina za m'nyanja zokhala ndi chigoba, ndipo anandiuza okha kuti amatupa milomo. Ku chilumba zimenezi zimalowa m'zakudya zambiri, ndipo chiwaya chimene akazingira nkhanu n'chomwecho amakazingira nyama. Pakufunika kakhadi kolembedwa m'Chiswahili ndi m'Chingerezi kofotokoza vutoli, koti azikaonetsa kwa wophika asanaitanitse chilichonse, ndipo akaonane ndi dokotala asananyamuke kuti awapatse mankhwala oyenda nawo.

Mayi a mkwatibwi: Za mkamwiniyo sindimazidziwa, mwachita bwino kunena. Ndiye kodi si chifukwa china chowasiyira m'hotelo?

Achemwali aakulu: Ayi Mayi, chifukwa patebulo lodzitengera wekha supuni imodzi imayenda m'mbale zingapo ndipo wophika sumuona. Pamalo aang'ono amalankhula ndi munthu amene wagwira chiwayayo, ndipo ngati sakukhutira ndi yankho amangopita patsogolo.

Azakhali: Apo ndamva. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho anawa akafunse zonse ziwiri, zimene zili mumphika ndi mtengo wake, asanalandire mbale. Ndinamva kwa anthu amene anapitako kuti pamisika ya alendo mtengo umakwera ukayamba wadya kenako n'kufunsa. Funso langa lina ndi la chipembedzo. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu. Kodi ulendowu sukugwera m'mwezi wosala?

Achimwene aakulu: Ndayang'ana pakalendala, Azakhali, sukugweramo. Mwafunsa chinthu chofunika, chifukwa mwezi wa Ramadhani umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo m'mwezi umenewo malo odyera ambiri a m'tauni amakhala otseka masana, komanso kudya kapena kumwa poyera dzuwa lisanalowe n'kusalemekeza eni dera. Akwati athu akupita mu Ogasiti, nyengo yopanda mvula yambiri, popeza mvula yaikulu kumeneko imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi.

Bambo aang'ono: Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma palibe amene wakhudza zakumwa za akuluakulu. Mkamwini ndimamudziwa, sakana kapu ya vinyo pa chakudya chamadzulo. Kodi kumeneko akaipeza, kapena tiwauziretu kuti akapirire?

Achimwene aakulu: Akaipeza, Bambo. Mahotelo ndi malo odyera ena a alendo amagulitsa vinyo ndi mowa wa ku Tanzania monga Kilimanjaro, Safari ndi Serengeti. Malo odyera a anthu wamba ambiri sagulitsa, ku Forodhani kulibe, ndipo kuyenda ndi botolo m'misewu ya Stone Town n'kosayenera. Komabe ndikadakonda kuti akalaweko khofi wa pa Jaws Corner, kabwalo kakang'ono pakati pa tinjira ta m'tauni pamene abambo amakhala pamakonde kucheza. Khofiyo ndi wakuda, wopanda shuga, amathira kuchokera m'ketulo yokhala pamakala kulowa m'timakapu topanda chogwirira, ndipo amamwera kashata, kachakudya kotsekemera ka mtedza kapena kokonati. Masana kukatentha, madzi a kokonati wamuwisi amene amamutcha dafu amapezeka paliponse, ndipo wogulitsa amadula pamwamba ndi chikwanje iwe ukuona, choncho Achemwali sangadandaule za ukhondo wake.

M'mawa wina apite kumsika wa Darajani, umene unatsegulidwa mu 1904. Mbali ya nsomba ili ndi fungo lamphamvu ndipo mwina mlongo wanga sakakhalitsako, koma kumbali ya zipatso ndi zokometsera n'kumene angagule karafuu ndi sinamoni pamtengo wabwino kuposa m'mashopu a alendo. Chakudya chamasana akadye m'malo amene anthu ogwira ntchito m'tauni amadyera, ndipo afike nthawi yabwino, chifukwa biriani amaphika kamodzi ndipo ikatha yatha.

Amalume: Mphwanga, za m'tauni wandigonjetsa. Koma masiku 5 otsalawo akakhala ku Nungwi, kumpoto kwa chilumba, ulendo wa pafupifupi ola limodzi ndi theka pagalimoto kuchokera ku Stone Town. Kumeneko sindikufuna kuti mwana wa mlongo wanga aziyenda usiku mumdima kufunafuna chakudya. Pamenepo pokha ndiumirira.

Achimwene aakulu: Pamenepo ndikuvomera, Malume. Ku Nungwi tilipire cham'mawa ndi chamadzulo kuhotelo, chamasana chikhale chawo. Nungwi ndi mudzi wa asodzi ndi osema mabwato a matanga, ndipo timalo todyera ta m'mphepete mwa nyanja timaotcha nsomba imene yavuulidwa tsiku lomwelo. Mlongo wanga akalaweko pweza, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8 ija, yophikidwa mumsuzi wa kokonati, chifukwa ndi ndiwo yotchuka ya pachilumbapo. Alamu athu, mkwati, asaikhudze pokhapokha dokotala atawauza kuti ilibe vuto kwa iwo, angokhala pa nsomba yootcha, nkhuku ndi pilau.

Azakhali: Ine ndili ndi pempho. Gawo langa lisalowe m'thumba la onse. Ndikufuna ndiwalipirire ulendo wa ku minda ya zokometsera, kuja amakuonetsa mtengo wa sinamoni n'kukupatsa khungwa kuti ununkhize, ndipo ndamva kuti ena amaphunzitsanso kuphika. Ngati zili zoona, mwana wa mchimwene wanga akaphunzire pilau kwa eni ake, adzatiphikire akabwera.

Achimwene aakulu: N'zoona, Azakhali. Minda yambiri yotere ili cha ku Kizimbani, kufupi ndi tauni, ndipo ulendo wake umatenga theka la tsiku n'kuthera pa nkhomaliro yodyera pamphasa. Akhoza kupitako pa tsiku lochoka ku Stone Town kupita ku Nungwi, kuti galimoto ikhale imodzi. Ndifunsa mtengo wake kudzera kuhotelo yawo ndipo ndikuuzani panokha.

Alamu osunga ndalama: Moni makolo ndi abale nonse. Popeza munandipatsa udindo wosunga ndalama, ndilembe zimene ndamva kuti mundikonze ngati ndaphonya. Ku Stone Town tisiya chakudya cham'mawa chokha chimene chili kale pa mtengo wa chipinda. Ku Nungwi tiwonjezera chamadzulo kwa mausiku 5. Ulendo wa ku minda ndi mphatso ya Azakhali. Ndalama yotsala tiwapatsa m'manja. Pa mfundo yomalizayi ndikupempha kuti tiwauze asinthe gawo lina kukhala mashilingi a ku Tanzania akangofika, ndipo apemphe ndalama zing'onozing'ono, chifukwa wogulitsa urojo kapena khofi salandira khadi ya kubanki ndipo nthawi zambiri sakhala ndi chenje cha ndalama yaikulu. Makina otapira ndalama ndi osavuta kuwapeza ku Stone Town kusiyana ndi kumidzi ya kunyanja, choncho atapiretu asananyamuke m'tauni.

Mayi a mkwatibwi: Mwalongosola bwino, apongozi anga. Ndavomera, koma kakhadi ka mkamwini kaja ndikufuna ndikaone ndi maso anga katalembedwa, ndipo akhale nato tiwiri, kena m'chikwama cha mkazi wake.

Achemwali aakulu: Ndikalemba m'Chingerezi mawa, Mayi, ndipo mnzanga wa kuntchito wolankhula Chiswahili akamasulira. Ndikutumizirani chithunzi chake musanagone.

Amalume: Zikomo nonse. Mphwanga, lembera hotelo ya ku Nungwi ufunse mtengo wa chakudya chamadzulo cha anthu awiri, ndipo ufunsenso ngati khitchini yawo ingathe kuphikira mkamwini padera. Ukalandira yankho uliike pano kuti tigawane ndalama molingana ndi mmene aliyense angathere. Zopereka zifike kwa amene akusunga ndalama pofika Lachisanu la sabata yamawa. Bambo aang'ono, inu simunanene gawo lanu.

Bambo aang'ono: Lembani kuti vinyo wa usiku woyamba ku Nungwi ndi wanga, kuwonjezera pa chopereka cha onse. Nditumiza zonse pamodzi Lachitatu.