Ndithandizeni: ndikufuna ma bookmark anga akhale tsamba la malinki pa webusayiti

Wofunsa, mphunzitsi wa ku Ndirande:

Moni nonse pagulu pano. Ndimaphunzitsa ku sekondale kuno ku Blantyre, ndipo Loweruka ndimathandiza ana a Folomu 4 a m'dera lathu amene akukonzekera MSCE. Kalabu yathu yowerengera ili ndi kawebusayiti pa WordPress. Anatikonzera mnyamata amene ndinamuphunzitsa kale, koma pano ali ku Joni, sapezeka msanga.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikusunga ma bookmark (malinki a masamba amene ndimafuna kudzawatsegulanso) mu Chrome: masamba a MANEB, NCHE, TEVETA, mayunivesite, mavidiyo a masamu a Khan Academy, mabuku aulere, masamba a masikolashipu. Afika mazana angapo. Mwana akandifunsa kuti “Madamu, fomu ya ku yunivesite tiipeza kuti?” ndimafufuza n'kumutumizira pa WhatsApp. Mawa wina afunsanso zomwezo. Chimandipweteka n'chakuti amene amachita manyazi kufunsa amangokhala, mpaka tsiku lotsekera mafomu kudutsa.

Ndiye ndikufuna zonsezi zikhale pa tsamba limodzi loti aliyense atsegule yekha. Ndiwatulutsa bwanji mu Chrome? Pa foni ndafufuza, sindikuona potulutsira. Ndipo akatuluka, ndingoika fayiloyo pa webusayiti mmene ilili? Kumbukirani kuti ana ambiri amabwereka foni ya makolo, bandulo yake ndi ya tsiku limodzi, ndiye tsamba lolemera sangalitsegule.

Wokonza makompyuta ku Limbe:

Madamu, pa foni simuwona, Chrome ya Android ilibe potulutsira ma bookmark. Lowani mu Chrome ya pa kompyuta ndi akaunti ya Google yomweyo imene ili pa foni, muyatse Sync, ma bookmark onse abwera. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi O pamodzi, patsegukira Bookmark Manager. Kumanja pamwamba pali timadontho titatu, musankhe Export bookmarks. Ikupatsani fayilo imodzi ya HTML. Amene ali pa Firefox mabatani ake ndi omwewo, kenako Import and Backup, Export Bookmarks to HTML. Asasankhe Backup, imeneyo imatulutsa JSON, siyothandiza pa ntchito iyi.

Membala wa ku Chirimba:

Basitu yatha. Fayiloyo ndi tsamba kale, mukaidina kawiri imatseguka ndi malinki abuluu. Ingoikani pa webusayitipo.

Wokonza makompyuta ku Limbe:

Ayi achimwene, pamenepo ndakana. Kutseguka imatsegukadi, koma fayilo imeneyo imatuluka ndi chilichonse chimene munthu anasungapo. Ndaonapo ma bookmark a makasitomala ambiri posamutsa zinthu zawo: mumakhala linki ya kubanki, chikalata cha pa Google Drive chimene aliyense wokhala ndi linki angatsegule, linki yolowera gulu la WhatsApp la pabanja, tsamba limene munthu ankawerenga za matenda ake. Kwa mphunzitsi mwina mulinso shiti ya malikisi a ana, maina awo onse ali momwemo. Zikangofika poyera, Google ikhoza kuzitola, ndipo kufufuta pambuyo pake sikubweza zimene anthu aona kale.

Chitani chonchi Madamu. Musanaike chilichonse, tsegulani fayiloyo mu Notepad, muone mkati. Mzere woyamba walembedwa NETSCAPE-Bookmark-file-1, chifukwa kalembedwe kake n'kochokera ku Netscape ya m'ma 1990, mpaka lero sikanasinthe kwenikweni. Foda iliyonse ili pakati pa H3, linki iliyonse ikuyamba ndi A HREF. Kenako pali ADD_DATE ndi nambala yaitali, amenewo ndi masekondi owerengedwa kuyambira pa 1 Januwale 1970, kusonyeza tsiku limene munasunga. Ndiye pali ICON, yotsatiridwa ndi zilembo zambirimbiri zosamveka. Kameneko ndi kachithunzi kakang'ono ka webusayiti iliyonse, kolembedwa ngati mawu. N'zimene zimalemeretsa fayilo.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri bambo. Ndatulutsa pa laputopu, ndipo zilembo za ICON zija zadzaza sikirini yonse. Ndizifufuta mzere ndi mzere? Ndiye kugwa kwa mvula kundipeza ndisanamalize.

Wophunzira za makompyuta ku Chichiri:

Ayi Madamu, musavutike. Ikani pulogalamu ya Notepad++, ndi yaulere. Dinani Ctrl ndi H, pansi musankhe Regular expression, pa Find what mulembe ICON="[^"]*" ndipo pa Replace with musalembe kanthu. Dinani Replace All, zonse zichoka kamodzi. Bwerezani ndi ADD_DATE="[^"]*" ndi LAST_MODIFIED="[^"]*". Sungani kaye kope ina ya fayilo yoyamba pa fulashi, kuti mukalakwitsa mubwerere.

Koma kunena zoona, popeza muli pa WordPress, pali njira yachidule. Mu Chrome pangani foda yatsopano, muitche Za Ana, mukoperemo okhawo amene mukufuna aoneke. Mukatulutsa fayilo, itseguleni mu Chrome momwemo, musankhe gawo la foda imeneyo lokha, Ctrl ndi C, kenako pa WordPress tsegulani Page yatsopano n'kudina Ctrl ndi V. Malinki amabwera amoyo, tizithunzi timatsala. Musavutike kufufuza Links Manager imene maphunziro akale a pa intaneti amatchula, WordPress inaibisa kwa oyamba kumene kuchokera pa 3.5 mu 2012.

Membala wa ku Bangwe:

Ine ndikuona ngati mukudzivutitsa. Ana a masiku ano webusayiti amatsegula? Ikani malinkiwo pa gulu la WhatsApp, bandulo yake ndi yotchipa.

Wofunsa:

Gulu lilipo achimwene, ndipo n'kumene vuto layambira. Uthenga wa lero pofika mawa wakwiririka ndi zithunzi ndi moni wa m'mawa. Mwana wolowa chaka chamawa sapeza zimene tinatumiza chaka chino. Komanso bandulo ya WhatsApp yokha siitsegula linki yopita kunja, ndiye data afunika basi. Pa gulupo ndidzangoika linki imodzi ya tsambalo pamalo ofotokozera gulu.

Wosamalira laibulale ku Soche:

Amayi anzanga, ine za makodi sindidziwa, koma ntchito yosanja zinthu kuti anthu azipeze ndi imene ndimadyera. Ndikupempheni chinthu chimodzi: musaike onse mazanawo. Ma bookmark munasungira inuyo, mumadziwa chifukwa chake. Mwana wa ku Ndirande amene watsegula ndi foni ya amayi ake, batire ili pafupi kutha ndipo magetsi azima, akaona mndandanda wosatha atseka. Malinki 30 kapena 40 osankhidwa bwino amuthandiza kuposa 400.

Musanjenso potengera funso la mwana, osati mafoda anu. Mitu ikhale ngati: Mayeso ndi zotsatira. Kufunsira malo ku yunivesite. Maphunziro a ntchito zamanja. Ngongole ndi masikolashipu. Kubwereza masamu ndi sayansi. Za mafomu zikhale pamwamba, chifukwa ndi zimene zili ndi tsiku lotsekera.

Maina a malinki muwalembenso. Chrome imasunga mutu umene tsambalo linali nawo, ndiye mupeza ambiri angolembedwa Home kapena Welcome. Pansi pa linki iliyonse ikani chiganizo chimodzi cha Chichewa chonena zimene zili kumeneko, kuti kholo nalonso limve. Ngati ndi vidiyo kapena PDF yaikulu, nenani, mwana asankhe yekha ngati data yake ikwana. Chiganizo chimenecho ndiye uphunzitsi wanu, makina sangakulembereni.

Chinanso, lozani kumene buku lili, musalikopere n'kuliika pa webusayiti yanu. Kuloza ndi kwina, kugawa buku la mwini popanda chilolezo ndi kwina, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 lilipo.

Wophunzira za makompyuta ku Chichiri:

Ndiwonjezere pa zimene anena amayiwa. Malinki akale ambiri amakhala atafa. Kumbukirani kuti mu 2021 University of Malawi inagawidwa: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS, Chancellor College inatsala ndi dzina la UNIMA. Ngati munasunga masamba amenewa chisanafike chaka chimenecho, fufuzani maadiresi atsopano. Tsamba likakhala pa intaneti, ikani adiresi yake mu W3C Link Checker, ikuuzani amene akubweza 404, kutanthauza kuti tsambalo kulibe. Koma makinawo sangadziwe ngati linki ikutseguka koma mkati mwasintha, mwina adiresi inagulidwa ndi a juga. Amene mukupatsa ana muwatsegule nokha, limodzilimodzi. Tsamba labwino likakhala kuti linasowa, yesani Wayback Machine ya Internet Archive, nthawi zina kope yake imapezeka.

Kwa mabungwe ngati MANEB ndi NCHE, lozani tsamba lawo loyamba kapena la zilengezo, osati PDF ya chaka chimodzi. Ndipo kumapeto kwa linki mukaona chizindikiro cha funso (?) chotsatiridwa ndi fbclid kapena utm, dulani kuyambira pamenepo, n'zongotsatira anthu. Za YouTube zokha musadule, chifukwa v= yotsatira chizindikirocho ndiye vidiyoyo.

Wofunsa:

Mwandithandiza kwabasi nonsenu. Ndayamba kusankha, ndipo za masikolashipu ndasiya okhawo ochokera ku mabungwe amene ndikuwadziwa, chifukwa ena amauza ana kuti atumize ndalama pa foni kuti fomu iyende. Funso lomaliza: mavidiyo aja ndiwaike kuti azioneka pa tsamba pomwepo, kapena linki yokha?

Wokonza makompyuta ku Limbe:

Linki yokha Madamu. Mukamata linki ya YouTube pa mzere wakewake, WordPress imaisandutsa vidiyo, ndipo tsamba limayamba kudya data mwana asanadine n'komwe. Lembani dzina la phunzirolo, mulisankhe, mudine Ctrl ndi K, mumate linkiyo mmenemo. Pansi pa tsamba lembani mwezi ndi chaka chimene munayendera malinki komaliza, muziwayenderanso teremu iliyonse ikamayamba. Mukamaliza yesani pa foni yotchipa, Wi-Fi mutazimitsa, ndipo mutiponyere linkiyo pano tikuthandizeni kudina.