Kodi thukuta limachotsadi poizoni n'kuumitsa ziphuphu?

Wothamanga_mmawa:
Abale ndithandizeni apa. Ziphuphu zinandiyamba ndili ndi zaka 15, pano ndili ndi 23 koma sizikutha, ndiye mnzanga wina anandiuza kuti ndi poizoni wa m'thupi amene akutulukira pankhope, akuti ndizithamanga nditavala juzi kuti thukuta lizichita kuyenderera, ziuma zokha. Ndachita mwezi wathunthu koma zabwera zina kumsana ndi pachipumi. Ndiye kuti poizoniyo akutuluka kumene kapena ndikuzipalamula ndekha?

Asisi_T:
Achimwene vulani kaye juziyo musanakomoke panjira kkkk. Thukuta pafupifupi 99 peresenti ndi madzi, chotsalacho ndi mchere ndi ka urea (zotayika zomwe zimapezekanso mumkodzo) pang'ono chabe, ntchito yake n'kuziziritsa thupi basi. Zoipa za m'magazi zimachotsedwa ndi chiwindi ndi impso, impso zokha zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 patsiku, zotayika zimatuluka mumkodzo. Mukamadzipanikiza kutulutsa thukuta mukungotaya madzi omwe impsozo zikuwafuna.

Kabwerebwere:
Chomwe anthu amasokoneza n'choti thukuta ndi mafuta a pakhungu zimachokera kosiyana. Mafutawo, achizungu amati sebum, amatulukira pa timabowo ta tsitsi, ndipo munthu akatha msinkhu mahomoni monga testosterone amawachulukitsa, n'chifukwa chake zinakuyambani pa 15 paja. Kabowo kakatsekeka ndi mafuta komanso khungu lakufa, bakiteriya wina wotchedwa Cutibacterium acnes yemwe tonse tili naye kale pakhungu amaswana m'katimo, pamatupa, ndiye chiphuphu chija. Zoyera zomwe mumaona mukafinya zija si poizoni ayi, ndi mafuta, khungu lakufa ndi mafinya. Thukuta palokha silibweretsa ziphuphu koma juzi yonyowa ikukhuzana ndi msana kwa ola lathunthu, kutentha, kenako mukupukuta chipumi ndi kathawulo komweko tsiku ndi tsiku, eee aise pamenepo mwaziitana nokha. Zinanso ngati zili ting'onoting'ono toyabwa mwina ndi totupa ta kutentha chabe, timatha tokha khungu likazizira.

Mfana_wa_jimu:
Koma ine ndikachoka ku jimu nkhope imasalala bwanji, mukufuna kunena kuti ndikulota?

Asisi_T:
Simukulota, magazi amakhala akuyenda kwambiri pakhungu ndiye mumaoneka owala kwa kanthawi, komanso ndikukhulupirira mumasamba mukangomaliza. Masewerawo ndi abwino, Wothamanga_mmawa asasiye, angosiya juzi.

Wothamanga_mmawa inu, sukusulani kawiri patsiku ndi sopo wosalusa, osakwecha ngati mukutsuka poto, mukakwecha kwambiri khungu limanyerenyetsa, zinthu n'kuipiraipira. Ku famase funsani benzoyl peroxide kapena salicylic acid, muyambe pang'ono chifukwa amaumitsa khungu, benzoyl peroxide amasulutsanso mtundu wa zovala ndi mapilo. Mudikire masabata 6 mpaka 8 musanati sakugwira. Ndipo chonde makirimu oyeretsa khungu aja okhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid musawayerekeze, sabata yoyamba mumaoneka bho kenako zimaphulika kuposa kale. Ngati zili zikuluzikulu zopweteka za m'kati zosiya zipsera, pitani kwa dokotala wa khungu.

Wothamanga_mmawa:
Zikomo asisi, juzi ndaipachika. Nanga madontho akuda atsala pomwe ndinkafinyapo aja amatha okha kapena nawonso ali ndi mankhwala ake?