Buku likandisokoneza mutu, kodi vuto ndi langa kapena la mlembi?

Nabanda wa ku Mufakose:

Abale anga, ndabwera kudzapempha nzeru. Mwezi watha ndinagula buku la Dambudzo Marechera lotchedwa The House of Hunger kwa mnyamata wina woyala mabuku pansi pafupi ndi siteji ya Copacabana muno mu Harare, chifukwa ndinamva kuti linapata mphoto ya Guardian Fiction Prize mu 1979. Ndakhala ndikuliwerenga m'kombi kwa masabata atatu, koma mutandifunsa kuti chinayamba nchiyani ndipo chinatsatira nchiyani, ndingokusuzumirani kukamwa. Munthu ali pamowa ndi mnzake, mwadzidzidzi tabwerera ku ubwana wake, ndipo ndisanadziwe kuti akulankhula ndani, nkhani yalumphiranso kwina. Chodabwitsa nchakuti ndikulephera kulitaya, moti Lachitatu lapitali ndinapitirira pamene ndimatsikira, mpaka kondakitala anachita kundigwedeza paphewa. Kodi ndine amene ndili wosaphunzira mokwanira, kapena mabuku oterewa amalembedwa dala kuti atizunguze?

Mphunzitsi wopuma wa ku Highfield:

Mayi Nabanda, musadzione ngati operewera, pakuti ine ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, koma bukuli linandigwetsa pansi ulendo woyamba. Mlembiyu anabadwira ku Rusape mu 1952, anakulira mu umphawi wa m'komboni ya Vengere, anachotsedwa pa University of Rhodesia mu 1973, anakachotsedwanso ku Oxford, ndipo anamwalira muno mu Harare mu 1987 ali ndi zaka 35 zokha. Munthu amene moyo wake unasweka chotere akanatipatsa nkhani yosalala, yoyamba bwino nkutha bwino, akanakhala kuti watinamiza. Munthu wovutika mumtima sakumbukira zinthu mwa ndondomeko; fungo la utsi kapena liwu limodzi la mnzake limamubweza zaka khumi m'mbuyo iye asakufuna, ndipo kudumphadumpha kumene mukudandaula nako ndi kumeneko.

Pali malo ena m'bukumo pamene wofotokoza nkhani amanena kuti Chishona ndi Chingerezi zinkakangana m'mutu mwake. Nditafika pamenepo ndinatseka buku nkukhala duu, chifukwa ife ana a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi tili ndi zilankhulo zitatu zokangana: Chichewa kunyumba, Chishona panjira, Chingerezi kusukulu. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kufunafuna ndondomeko ya zochitika, ndipo ndinayamba kuliwerenga mokweza pang'onopang'ono, monga mmene timamvetsera munthu wolira pamaliro, amene sitimufunsa kuti ayambe ndi chiyani.

Mdzukulu wa ku Dedza:

Bambo aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndikupempha kuti tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amaziika m'dengu limodzi. Pali buku lovuta chifukwa cha kafotokozedwe kake, ndiye pali buku limene dziko lake ndi lachilendo koma nkhani yake ikuyenda mowongoka. Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti wa ku Malawi limatitengera zaka 500 m'tsogolo, ndipo Glory la NoViolet Bulawayo, limene linatuluka mu 2022, limaika nyama pa mipando ya ulamuliro m'dziko lopeka lotchedwa Jidada. Mabuku amenewa sanandivute kuwalandira, popeza agogo anga akati "padangokhala" ife nkuyankha kuti "tili tonse", palibe amene ankafunsa kuti Kalulu analankhula bwanji ndi Njovu. Zosatheka tinazizolowera tili ana. Chimene sitinazolowere ndi nthano yopanda wotigwira dzanja, yopanda nyimbo yobwerezabwereza imene imatikumbutsa pamene tafika, ndipo ndikuona kuti mayi athuwa chimene chikuwasowa ndi chimenecho.

Gogo Chisale wa ku Mbare:

Ine ndikhala wotsutsa pang'ono, mundikhululukire. Nditamaliza buku limene mukukambali ndinalimba mtima nkubwereka Black Sunlight la mlembi yemweyo, la mu 1980, ndipo ndinalibweza ndisanafike ndi pakati pomwe. Sindichita nazo manyazi. Mabuku ena ali ngati nzimbe yolimba imene imapweteka mano koma madzi ake ndi otsekemera, pamene ena umatafuna mpaka nsagwada kuwawa osamva kanthu, ndipo si bwino kuti owerenga aziopa kunena zimenezi poopa kuonedwa ngati mbuli. Mwina wina analimva kukoma, koma ine ayi. Komabe inu achemwali, ngati buku linakupitirizani siteji kondakitala nkuchita kukugwedezani, ndiye kuti nzimbe yanuyo ili ndi madzi, ndipo musaisiye.

Nabanda wa ku Mufakose:

Zikomo nonse, makamaka inu bambo aphunzitsi, chifukwa malo a zilankhulo zokangana aja ndinawadutsa mothamanga osaima. Usiku uno ana akagona ndiyambiranso tsamba loyamba, ndipo ndiyesa kuwerenga mokweza kukhitchini. Inu a ku Dedza, kodi buku la Chikoti lija munalipeza muno mu Harare, kapena ndichite kutuma wina wobwera pa basi kuchokera ku Lilongwe?