"Chisomo kwa inu ndi mtendere": ndi moni chabe kapena muli chiphunzitso?

Mtsogoleri wa mlaga, Mpondasi:
Abale ndi alongo, Lachinayi likubwerali tiyamba kuwerenga Aefeso. Pa 1:2 pali mawu aja akuti chisomo kwa inu ndi mtendere. Kodi ndingowerenga n'kupitirira, ngati mmene timachitira ndi "ndikhulupirira muli bwino" wa m'kalata? Komanso kuno anansi athu achisilamu amapatsana moni wa mtendere tsiku ndi tsiku. Wina akandifunsa kusiyana kwake ndidzati chiyani?

Mphunzitsi wa Baibulo, Namwera:
Musapitirire, abambo, vesi limeneli likhoza kudzaza tsiku lonse la phunziro. Kalata ya Chigiriki ya nthawi imeneyo inkayamba ndi dzina la wolemba, la wolandira, kenako liwu limodzi, chairein, kutanthauza "moni". Mulipeza pa Machitidwe 15:23, pa 23:26 m'kalata ya Klaudio Lusiya yopita kwa Felike, ndiponso pa Yakobo 1:1. Paulo sanalembe chairein. Analemba charis, chisomo. Mawu awiriwa amamveka mofanana m'khutu, choncho womva ankayembekezera moni wamba n'kulandira uthenga wabwino. Kenako anawonjezera eirene, mtendere, womwe ndi shalom wa Ayuda.

Onetsetsani dongosolo lake. M'moni woyambira makalata onse 13 okhala ndi dzina la Paulo chisomo chimatsogola, mtendere pambuyo, ndipo sizisinthana malo ngakhale kamodzi. Chifukwa chake chili pa Aroma 5:1: tayesedwa olungama, ndiye tili ndi mtendere ndi Mulungu. Chisomo ndi chitsime, mtendere ndi madzi otungidwamo. Mu Aefeso momwemo muona 2:8 ikunena za kupulumutsidwa ndi chisomo, ndiye 2:14 n'kumati Khristu ndiye mtendere wathu, amene anagumula khoma lolekanitsa Myuda ndi wamitundu. Wophunzitsa akayamba ndi mtendere, anthu amabwerera kwawo akuganiza kuti ayambe adzikonza okha kuti Mulungu awakomere mtima. Apo ndiye mwatembenuza Paulo chadodolido.

Katekisiti, Monkey Bay:
Ndiwonjezere pa gwero lake. M'Chigiriki cha Aefeso 1:2 muli kaliwu kamodzi, apo, "kuchokera kwa", kamene kanyamula maina awiri pamodzi: Mulungu Atate ndi Ambuye Yesu Khristu. Myuda wophunzira ngati Paulo sakanaika dzina la munthu wamba pambali pa Mulungu monga wopereka chisomo. Liwu loti Ambuye ndi Kyrios, lomwe Chipangano Chakale cha Chigiriki chimagwiritsa ntchito pa dzina la Yehova. Ndipo 1 Atesalonika, yolembedwa ku Korinto cha m'ma 50 kapena 51, ikutchula kale Atate ndi Ambuye Yesu mu mpweya umodzi pa vesi loyamba, zaka pafupifupi 275 msonkhano wa ku Nicaea wa chaka cha 325, umene unatsimikiza za umulungu wa Yesu, usanachitike.

Za anansi athu, yankhani mwaulemu ndi moona. Salaam ndi shalom ndi mawu a muzu umodzi, ndipo kufunirana mtendere n'chinthu chokoma. Kusiyana kuli pakuti Paulo akutchula kumene mtenderewo ukuchokera ndi mtengo wake, mwazi wa pamtanda, monga pa Akolose 1:20. Werenganinso Numeri 6:24-26, dalitso la Aroni. Muli chisomo, muli mtendere, motsatana momwemo. Moni wa Pauloyu ndi umodzinso mwa imene wansembe amayambira nayo Misa.

Amayi a Mvano, Mangochi Boma:
Chimene chimasokoneza kwambiri ndi Chichewa chathu chomwe. Masiku ano munthu akapha usipa wambiri, akapeza ntchito ku Joni kapena akagula minibasi, timati "ali pa chisomo". Chisomo chasanduka mwayi. Mukapanda kukonza zimenezi poyambirira, mayi wamasiye amene chimanga chake chapserera adzamva kuti moniwu si wake. Koma Aefeso ndi kalata ya munthu womangidwa, onani 3:1 ndi 6:20. Bwerani ndi Mabaibulo awiri. Buku Lopatulika likuti "chisomo", pamene Buku Loyera limamasulira ndi mawu a kukoma mtima kwa Mulungu. Mukawerenga onse awiri motsatana, anthu amagwira okha tanthauzo.

Ngati muli ndi ola limodzi, patulani mphindi 10 kuti anthu atatu awerenge Aefeso 1:2, 1 Akorinto 1:3 ndi Agalatiya 1:3. Afunseni kuti mipingo imeneyi inali yotani. Akorinto ankakokerana kumabwalo a milandu, Agalatiya Paulo anawatcha opusa, koma onse analandira moni umodzimodzi. Pamenepo musathamange ayi, ndi pomwe mitima imatseguka.

Mphunzitsi wa Baibulo, Namwera:
Zoona, amayi. Kanthu kena kakang'ono, abambo, kuti wina asakudzidzimutseni: 1 ndi 2 Timoteo amaika "chifundo" pakati pa chisomo ndi mtendere, ndipo 2 Yohane 3 imachitanso chimodzimodzi. Petro amati zichuluke kwa inu. Potseka phunziro tsegulani Aefeso 6:23-24, anthu adzionere okha mawu awiri omwewo akubweranso kumapeto kwa kalata.